Sikelo Ikasanduka Chikoti: Mmene Mayeso a Ana Amaweruzira Sukulu ndi Aphunzitsi

Pepalalo linafika m'chipinda cha aphunzitsi teremu yachiwiri itangoyamba. Ahedi analiika patebulo n'kukhala pansi osanena kanthu kwa kamphindi. Linali ndi mayina a ana onse a kalasi yolemba mayeso a boma chaka chimenecho, koma mayinawo sanatsatane monga amakhalira m'kaundula. Anali atagawidwa patatu. Pamwamba panali ana oti akhoza ngakhale titawasiya okha. Pakati panali omwe ankaperewera malikisi ochepa kuti adumphe mzere. Pansi panali ena onse otsala.

"Makalasi a masana ndi a gulu lapakatili," anatero ahedi. "Aphunzitsi, tisamwaze mphamvu."

Palibe anatsutsa. Inenso ndinakhala duu, ngakhale m'gulu lapansilo munali mnyamata yemwe ndinalimbana naye zaka ziwiri kuti adziwe kuwerenga, ndipo nthawi imeneyo n'kuti atangoyamba kumaliza ndime yonse osaloza ndi chala. Pa ana onse a m'kalasimo, iye ndiye anachokera kutali. Koma kutali konseko sikunamufikitse pamzere, ndipo mndandanda womwe sukulu yathu ikanaweruzidwa nawo unkangowerenga odumpha mzere basi.

Ahedi aja sanali munthu wouma mtima. Ankangochita masamu omwe aliyense wokhala pampando wawo akanachita. Ngati sukulu ikuyezedwa ndi chiwerengero cha ana okhoza, ola limodzi lothera pa mwana woperewera malikisi atatu limabweza phindu, pomwe ola lothera pa mwana woperewera malikisi 30 silionekera paliponse. Ochita kafukufuku anazipeza zomwezi m'mayiko otalikirana. David Gillborn ndi Deborah Youdell anaziona m'sukulu za ku London chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, komwe aphunzitsi ankathamangira ana a pakati pa giredi D ndi giredi C, pomwe panali mzere womwe sukulu zinkayezedwa nawo, ndipo anaziyerekeza ndi zomwe madokotala amachita ovulala akachuluka: kusankha oti athandizidwe ndi oti asiyidwe. Jennifer Booher-Jennings anazipezanso m'sukulu ina ya pulayimale ku Texas, n'kuzilemba mu 2005. Sukuluzi sizinapangane. Zinangopatsidwa sikelo yofanana.

Ganizo lomwe lili kumbuyo kwa sikeloyi si lopusa, ndipo mphunzitsi wolinyoza asanalimvetse amadzichotsera yekha ulemu. Sukulu zimayendera ndalama za misonkho. Makolo amasiya ana awo m'manja mwathu maola ambiri tsiku lililonse la sukulu. Choncho payenera kukhala njira yoti sukulu iziyankhapo pa ntchito yake: ana akuphunzira kapena ayi? Okonza maphunziro ambiri a zaka 40 zapitazi anayankha funsoli ndi ndondomeko imodzi. Lembani zomwe mwana wa kalasi iliyonse ayenera kudziwa, muyeseni ndi mayeso ofanana dziko lonse, lengezani zotsatira za sukulu iliyonse, kenako mangirirani mphotho ndi chilango ku zotsatirazo. Masitepe atatu oyambawo ali ndi mavuto ake, koma phokoso lenileni lili pa lachinayi.

Ambiri amayesa kuti nzeruyi ndi ya masiku a makompyuta ano. Inayesedwa kale ku England mu 1862, pomwe Robert Lowe, yemwe ankayang'anira za maphunziro m'boma, anabweretsa lamulo lolipira sukulu molingana ndi zotsatira. Mwana aliyense ankatha kubweretsera sukulu masheleni 12 pachaka: 4 chifukwa chobwera kusukulu, 8 chifukwa chokhoza mayeso a kuwerenga, kulemba ndi masamu pamaso pa woyendera sukulu. Akalephera phunziro limodzi, boma linkadula masheleni 2 ndi mapeni 8. Lowe anauza nyumba ya malamulo kuti dongosololi likapanda kukhala lotchipa likhala logwira ntchito, ndipo likapanda kugwira ntchito likhala lotchipa. Mbali yotchipayo inatheka ndithu: ndalama za boma zopita kusukulu zinatsika kuchoka pa mapaundi oposa 800,000 mu 1861 kufika pafupifupi 640,000 mu 1865. Mbali inayo ndi yomwe Matthew Arnold, woyendera sukulu wa nthawiyo, ankadandaula nayo m'malipoti ake. Ana ankaloweza buku lowerenga mpaka kumalinena pamtima, maphunziro osayesedwa anakankhidwira kukona, ndipo mphunzitsi analibe chifukwa chopititsira patsogolo mwana yemwe wafika kale poti akhoza. Dongosololi linathetsedwa pang'onopang'ono m'zaka za m'ma 1890.

Patatha zaka zoposa 100, dziko la America linadutsanso njira yomweyo, ndipo n'kumene nkhaniyi inalembedwa kwambiri. Pa 8 Januwale 2002, Pulezidenti George W. Bush anasainira lamulo lotchedwa No Child Left Behind, kutanthauza kuti pasakhale mwana wotsalira. Aphungu a zipani zonse ziwiri analivomereza. Lamuloli linati ana onse a giredi 3 mpaka 8 azilemba mayeso a kuwerenga ndi masamu chaka ndi chaka, ndipo pofika 2014 mwana aliyense, 100 pa 100, akhale atafika pamlingo woyenera. Sukulu yolephera kukwera monga mwa ndondomeko zaka ziwiri zotsatizana inkayenera kulola ana ake kusamukira kwina. Zikapitirira, zilango zinkakula mpaka kuchotsa aphunzitsi, kupereka sukulu m'manja mwa ena kapena kuikonzanso yonse.

Chinthu chimodzi chabwino m'lamuloli tisachibise. Linalamula kuti zotsatira zizionetsedwa gulu ndi gulu: ana osauka paokha, ana akuda paokha, ana olumala paokha, ana omwe Chingerezi si chiyankhulo cha kwawo paokha. Sukulu sinkathanso kubisa ana olephera kuseri kwa avereji yokongola. Koma mlingo wa 100 pa 100 aliyense woti anagwirapo choko ankadziwa kuti ndi loto. Pofika 2011, pafupifupi theka la sukulu zaboma m'dzikomo, 48 pa 100 zilizonse, zinali m'gulu la zolephera. Ndipo popeza chigawo chilichonse chinkadziikira chokha mzere wokhozera, zigawo zina zinangoutsitsa mzerewo. Mu Disembala 2015, Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lina lolowa m'malo mwake, lomwe linasiya mayeso a chaka ndi chaka koma n'kubwezera zigawo mphamvu zambiri pa nkhani ya zilango.

Chodabwitsa n'chakuti chenjezo linalipo kale. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Donald Campbell analemba kuti nambala iliyonse ikamagwiritsidwa ntchito kwambiri popanga zigamulo zokhudza anthu, imayamba kupindidwa, ndipo imapindanso ntchito yomwe inkayenera kuiyeza. Anatchula ndithu mayeso a kusukulu ngati chitsanzo. Mfundo yake ndi yosavuta. Mayeso ndi kachidutswa chabe ka zomwe mwana ayenera kudziwa, ngati momwe dokotala amatengera kadontho ka magazi kuti adziwe za thupi lonse. Mafunso 40 sangakwanitse silabasi ya chaka chathunthu. Amangoimira. Kadonthoko kamanena zoona pokhapokha ngati palibe yemwe wakakonzeratu. Ntchito ya munthu ikangomangiriridwa ku mafunso 40 aja, amayamba kuphunzitsa mafunsowo, ndipo malikisi amakwera pomwe chidziwitso cha ana chili pomwe chinali.

Izi zinaoneka poyera. Ku America kuli mayeso ena a dziko lonse otchedwa NAEP, omwe anayamba mu 1969. Amalembedwa ndi ana osankhidwa mwamaere, ndipo satulutsa zotsatira za sukulu kapena mphunzitsi payekha, choncho palibe amawakonzekera mwamantha. Daniel Koretz ndi anzake atayerekeza zotsatira za chigawo cha Kentucky m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti malikisi a mayeso achigawo, omwe anali ndi mphotho ndi zilango, anakwera kwambiri kuposa a NAEP. Ana ake a chigawo chomwecho, maphunziro ake omwewo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kupinda nambala kuli ndi makwerero, ndipo ambiri mwa ife aphunzitsi tinapondapo apansi. Loyamba ndi kuchepetsa maphunziro. Bungwe la Center on Education Policy linapeza mu 2007 kuti maboma a sukulu 62 pa 100 alionse ku America anawonjezera nthawi ya Chingerezi ndi masamu ku pulayimale, ndipo 44 pa 100 anadula nthawi ya sayansi, mbiri, zojambula, nyimbo, masewera, ngakhale nthawi yopuma. Pamenepa pali msampha womwe okonza ndondomeko sauona msanga. Mwana samvetsa ndime chifukwa chodziwa zilembo zokha. Amaimvetsa chifukwa akudziwako za nkhani yomwe ndimeyo ikukamba. Mukamudulira mbiri ndi sayansi kuti aziyeserera mayeso a kuwerenga, mwamulanda zinthu zomwe zikanamuthandiza kuwerengako.

Kwerero lotsatira ndi lija la pepala logawidwa patatu. Pamwamba pake pali kuchotsa ana. Ku England vutoli linakula mpaka bungwe loyendera sukulu la Ofsted linayamba kulifufuza: sukulu kukankha mwana wofooka kuti atuluke m'kaundula mayeso a GCSE, olembedwa ndi ana a zaka 16, asanafike, nthawi zina pouza makolo kuti angachite bwino kumuphunzitsira kunyumba. Kwina mwana amamubwereza kalasi mwadala kuti asafike m'kalasi ya mayeso. Sukulu ikamanyadira kuti ana ake onse akhoza, ine funso langa limakhala limodzi: analowa angati zaka zinayi zapitazo, ndipo alemba angati?

Kwerero lomaliza ndi kubera kwenikweni. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya mzinda wa Atlanta, komwe malikisi anakwera modabwitsa mpaka mkulu wa sukulu za mumzindawo, Beverly Hall, anapatsidwa ulemu wa dziko lonse mu 2009. Atolankhani a nyuzipepala ya Atlanta Journal-Constitution ndiwo anayamba kukayika. Ofufuza a boma atapenda mapepala a mayeso a 2009, anapeza mayankho olakwika ambirimbiri atafufutidwa n'kulembedwa olondola. Lipoti lawo la 2011 linatchula aphunzitsi ndi ahedi 178 m'sukulu 44. Linafotokozanso za mantha omwe analipo: ahedi osakwanitsa mlingo ankachotsedwa, oulula ankalangidwa. Mu Epulo 2015 khoti linapeza anthu 11 olakwa pansi pa lamulo lomwe linapangidwira magulu a zigawenga. Hall, yemwe ankakana mlanduwo, anamwalira mwezi wa Malichi chaka chomwecho asanaweruzidwe.

Sindikuwaikira kumbuyo. Wofufuta yankho la mwana wamubera mwanayo, chifukwa pepala likunena kuti akudziwa pomwe sakudziwa, ndipo thandizo lomwe akanalandira silibweranso. Koma anthu 178 sangadzuke tsiku limodzi onse ali akuba. Chinawasonkhanitsa chinalipo, ndipo omwe anakonza chinthucho m'maofesi akutali palibe anaimapo m'khoti. Nako ku Kenya, boma linaletsa kuika sukulu pamndandanda wa zotsatira za mayeso mu 2014 ponena kuti mpikisanowo ukulimbikitsa kubera ndi kubwereza ana mokakamiza. Nduna Fred Matiang'i itakhwimitsa chitetezo cha mayeso mu 2016, ana opeza giredi A pa mayeso omaliza sekondale a KCSE anatsika kuchoka pa oposa 2,000 chaka chapitacho kufika pa 141.

Tsono tiyerekeze kuti palibe wobera, palibe wochotsa ana, aliyense ndi woona mtima. Mndandanda wa sukulu ukutiuza chiyani? Mu 1966, James Coleman anatsogolera kafukufuku wa boma la America wokhudza ana pafupifupi 600,000 m'sukulu pafupifupi 4,000. Anapeza chinthu chomwe kafukufuku wa m'mayiko ambiri wakhala akuchibwereza: kusiyana kwa malikisi a ana kumatsata kwambiri makomo omwe akuchokera kuposa sukulu zomwe akupita. Mwana wogona ndi njala, wosamukasamuka, wolera azing'ono ake, wopanda buku ndi limodzi lomwe pakhomo, amayamba mpikisano anzake atathamanga kale. Choncho mndandanda wa malikisi osasefa nthawi zambiri umangojambula mapu a chuma. Sukulu yosankha ana okhoza kale imakhala pamwamba n'kumatamandidwa chifukwa cha kaphunzitsidwe, pomwe luso lake lalikulu lili pageti.

Okonza maphunziro anaimva mfundoyi, ndipo yankho lawo linali lanzeru papepala. Anati tisayeze pomwe mwana wafika, tiyeze mtunda womwe wayenda. William Sanders, katswiri wa ziwerengero ku Tennessee, anakonza njira yotere yomwe inayamba kugwira ntchito chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kompyuta imatenga malikisi a mwana a zaka zam'mbuyo n'kulosera zomwe apeze chaka chino. Akaposa ulosiwo, phindulo limalembedwa pa dzina la mphunzitsi. Akaperewera, ngongoleyo ndi ya mphunzitsi yemweyo. Kunena zoona, njira imeneyi ikanamuona mnyamata wanga uja, ndipo pa chifukwa chimenecho sinditha kuitaya yonse. England inatenga ganizo lofanana mu 2016 poyeza sukulu za sekondale ndi muyezo wotchedwa Progress 8, ndipo kuthamangira ana a pamzere wa giredi C kunataya phindu lake lalikulu.

Vuto linabuka pomwe njirayi inatsitsidwa kuchoka pa sukulu yonse kufika pa mphunzitsi mmodzi. Kalasi ya ana 25 kapena 30 ndi yochepa kwambiri pa masamu otere. Ana awiri akadwala sabata ya mayeso, nambala ya mphunzitsi yagwa. Komabe mu 2009 boma la Obama linaika madola 4.35 biliyoni pa mpikisano wa zigawo wotchedwa Race to the Top, ndipo zigawo zofuna ndalamazo zinalimbikitsidwa kumangirira kuunika kwa aphunzitsi ku malikisi a ana. Mu 2010 nyuzipepala ya Los Angeles Times inasindikiza mayina a aphunzitsi pafupifupi 6,000 pamodzi ndi nambala zawo. Ku Florida aphunzitsi anakasuma mu 2013 chifukwa ena ankaunikidwa ndi malikisi a maphunziro omwe saphunzitsa, ena ndi a ana omwe sanawaphunzitsepo. Nanga mphunzitsi wa nyimbo mumuyeza ndi chiyani pomwe mayeso alipo ndi a masamu ndi kuwerenga okha? Ku New York mphunzitsi wina wa giredi 4 anapatsidwa 14 pa 20 chaka china, chaka chotsatira n'kupatsidwa 1 pa 20, ana ake akukhoza mofanana. Mu 2016 woweruza anati nambala yakeyo inalibe maziko omveka.

Akatswiri a ziwerengero eni ake anayankhulapo. Mu Epulo 2014 bungwe lawo, American Statistical Association, linati kafukufuku wambiri wa mtunduwu amapeza kuti aphunzitsi amafotokoza pakati pa 1 ndi 14 peresenti ya kusiyana kwa malikisi a ana, ndipo mipata yambiri yokonzera maphunziro ili m'dongosolo lonse. Ena mwa anzanga amaitenga nambalayi ngati umboni woti mphunzitsi alibe mphamvu, zomwe ine sindivomereza. Mwa zonse za m'kati mwa mpanda wa sukulu, mphunzitsi ndiye wamkulu. Kungoti mpandawo si malire a moyo wa mwana. Bungwe la Bill ndi Melinda Gates linayesa ganizo lounika aphunzitsili mwamphamvu m'maboma a sukulu atatu ndi magulu anayi a sukulu zoyendetsedwa paokha, pa ntchito yomwe inadya madola pafupifupi 575 miliyoni yonse pamodzi. Ofufuza a bungwe la kafukufuku la RAND atapenda mu 2018, anapeza kuti zotsatira za ana sizinasinthe monga ankayembekezera.

Kupatula mayeso, pali oyendera sukulu. Woyendera wabwino ndi mphatso. Ndinaphunzirapo zambiri kwa mayi wina yemwe anakhala kumbuyo kwa kalasi yanga phunziro lonse, kenako n'kundifunsa mofatsa kuti, "Aphunzitsi, mwaona kuti mafunso anu onse mwafunsa mizere iwiri yakutsogolo?" Sindinkadziwa. Ndinasintha mawa lake lomwe. Koma ndinaonanso kuyendera kwa mtundu wina, komwe mphekesera ikangomveka kuti akubwera, sukulu yonse imasanduka bwalo la sewero. Makoma omwe anali mbee amadzaza matchati usiku umodzi. Masikimu a milungu isanu ndi umodzi amalembedwa Loweruka ndi Lamlungu, zolembera zikusinthidwasinthidwa kuti inki isafanane. Phunziro la tsikulo ana amakhala ataliyeserera kale dzulo lake, ndipo wodziwa amauzidwa kukweza dzanja lamanja, wosadziwa lamanzere. Woyendera amachoka ataona sukulu yomwe kulibe.

Kusiyana kwa maulendo awiriwa kuli pa zomwe zimatsatira. Ku England, Ofsted, yomwe inakhazikitsidwa mu 1992, inkamanga ntchito yonse ya sukulu m'chigamulo chimodzi mwa zinayi, kuyambira "yapamwamba" mpaka "yosakwanira". Chigamulocho chinkakolekedwa pageti, ogulitsa nyumba ankachitchula, ndipo chinkatha kuchotsetsa hedi ntchito. Mu Januwale 2023, Ruth Perry, hedi wa sukulu ya pulayimale ya Caversham ku Reading, anadzipha akudikira kuti lipoti lotsitsa sukulu yake kuchoka pamwamba kufika pansi litulutsidwe. Sukuluyo inapezeka yabwino m'mbali zina zonse kupatula ya utsogoleri, chifukwa cha zofooka pa ndondomeko zotetezera ana. Wofufuza za imfayo ananena mu Disembala 2023 kuti kuyenderako kunathandizira imfa yake. Mu Sepitembala 2024 boma linathetsa chigamulo chimodzi chophimba sukulu yonsecho.

Apa wina anganene kuti aphunzitsi akungofuna kuti asamaonedwe. Funsolo ndi loyenera, ndipo pali umboni womwe sutikomera. Ofufuza ogwirizana ndi World Bank anayendera sukulu za pulayimale mosachenjeza m'mayiko 6 mu 2002 ndi 2003, n'kupeza kuti pa avereji aphunzitsi 19 pa 100 alionse kunalibe pantchito. Ku India anali 25, ku Uganda 27. Ahedi ankajomba kuposa aphunzitsi wamba. Mwana yemwe mphunzitsi wake sabwera safuna nkhani za Donald Campbell. Akufuna munthu woti aone kuti kalasi ili yokha. Ku Wales, boma litasiya kusindikiza mndandanda wa sukulu mu 2001, Simon Burgess ndi anzake a ku yunivesite ya Bristol anapeza kuti zotsatira za GCSE zinatsalira poyerekeza ndi za ku England, pafupifupi magiredi awiri pa mwana aliyense, ndipo zinagwa kwambiri m'sukulu zomwe zinali kale zofooka. Nalo lamulo la Bush lija silinapite pachabe kotheratu: Thomas Dee ndi Brian Jacob anapeza kuti linakweza masamu a giredi 4, makamaka pakati pa ana osauka, ngakhale pa kuwerenga sanapeze kusintha.

Ndiye kuonedwa kumagwira ntchito, makamaka pa zinthu zoti munthu angazichite atangofuna: kubwera, kulowa m'kalasi, kuchonga makope. Chikoti chimadzutsa wogona. Chomwe sichitha ndi kuphunzitsa munthu zomwe sadziwa kapena kumupatsa zomwe alibe. Mphunzitsi yemwe sanaphunzitsidwe bwino kaphunzitsidwe ka tizigawo ta nambala, ngakhale mumuopseze chotani, sadzuka mawa akudziwa. Adzangofuna njira yachidule yofikira nambala yomwe mukufuna. Paul Glewwe, Nauman Ilias ndi Michael Kremer anaziona kumadzulo kwa Kenya, komwe aphunzitsi a sukulu 50 analonjezedwa mphotho ana akakhoza bwino. Malikisi anakwera pa mayeso omwe anali ndi mphothowo. Koma aphunzitsi sanachepetse kujomba, kaphunzitsidwe sikanasinthe, chomwe chinachuluka ndi makalasi okonzekera mayeso, ndipo mphotho zitatha phindu lija linazimirira. Kafukufuku wofanana ku Andhra Pradesh, ku India, anapeza phindu lenileni, zomwe zikuonetsa kuti kakonzedwe ka mphothoyo kali ndi kanthu. Zoti pali mankhwala amodzi ochiza paliponse ndiye ayi.

Anzanga ambiri akafika apa amathawira ku Finland. Dzikoli linathetsa kuyendera sukulu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lilibe mayeso a dziko lonse a mwana aliyense kupatula omaliza sekondale, limayeza maphunziro posankha sukulu zochepa mwamaere, ndipo kuyambira 1979 mphunzitsi wa pulayimale amafunika digiri yachiwiri. Zotsatira zoyamba za PISA, mayeso a ana a zaka 15 oyerekeza mayiko, omwe amakonzedwa ndi bungwe la mayiko la OECD, zitatuluka mu 2001, Finland inali pamwamba pa kuwerenga. Chitsanzochi ndimachigwira mosamala. Malikisi a masamu a dzikoli atsika kuchoka pa 548 mu 2006 kufika pa 484 mu 2022. Komanso n'zoseketsa kuti ife odana ndi mindandanda timathamangira mndandanda wa PISA ukatikomera. Chomwe ndimatolapo n'chimodzi: kukhulupirira aphunzitsi kumeneko kunabwera atayamba awasankha mosamala, kuwaphunzitsa zaka zisanu ndi kuonetsetsa kuti sukulu za m'dzikomo sizisiyana kwambiri. Anayamba kulipira, kukhulupirira kunadza pambuyo.

Mawu akuti kulipira ndiwo akusowa m'ndondomeko zambiri. Richard Elmore wa ku Harvard ankati kuyankhapo pa ntchito kuyenera kuyenda mbali ziwiri: pa chilichonse chomwe ndikukulamula kuti uchite, inenso ndili ndi udindo wofanana wokupatsa mphamvu yochitira. M'dongosolo lomwe ambiri timagwiramo ntchito, madzi amangotsikira kumunsi. Nduna ifunsa mkulu wa chigawo, wa chigawo afunsa ahedi, ahedi afunsa mphunzitsi, mphunzitsi akalipira mwana. Silabasi yatsopano imafika mabuku ake asanasindikizidwe. Maphunziro a aphunzitsi oikonzekera amakhala a masiku atatu, ophunzitsidwa ndi munthu yemwe naye anaphunzitsidwa masiku asanu. Tisanaizolowere, boma lasintha, nduna yatsopano yabwera ndi dzina latsopano la ndondomeko, ndipo yakale ija palibe anaipenda kuti adziwe ngati inathandiza. Mwana amakhala pasukulu zaka 12, nduna zambiri sizifika zinayi. Walira mvula walira matope, koma pa nkhani iyi olira mvula amakhala atasamuka matope asanayambe.

Zomwe aphunzitsi ambiri oganiza bwino amapempha si zachilendo. Mayeso oyezera dongosolo lonse azilembedwa ndi ana osankhidwa mwamaere, opanda chilango cha sukulu, kuti sikelo izinena zoona. Zotsatira za sukulu zikamasindikizidwa, pambali pake pazikhala chiwerengero cha ana omwe analowa, omwe anasiyira panjira, kukula kwa makalasi ndi mabuku omwe anafika. Nambala yoipa izikhala chifukwa chotumizira munthu wodziwa ntchito kukaona chomwe chavuta, asanagamule aliyense. Ndipo mphunzitsi wojomba kapena wozunza ana achotsedwe msanga ndi anthu omwe amuona akugwira ntchito. Ife aphunzitsi timamudziwa ameneyo kalekale kompyuta isanamudziwe, ndipo kumubisa kwathu ndi gawo la chifukwa chomwe anthu anasiyira kutikhulupirira.

Oyendera omaliza omwe anabwera pasukulu yomwe ndinkaphunzitsa anasiya fomu ya masamba anayi yoti ndisaine. Inali ndi malo a masikimu, malo a kaundula, malo a matchati a pakhoma, malo a chiwerengero cha ana okhoza. Chaka chimenecho n'kuti kalasi yanga itaphatikizidwa ndi ya mnzanga yemwe anapuma pantchito osabwera wina wolowa m'malo, ndipo mabuku a silabasi yatsopano anali atafika teremu yachitatu. Ndinatembenuza masamba onse anayi kufuna poti ndilembe zimenezi. Nditafunsa, bambo woyenderayo anandiuza mwaulemu kuti fomuyo ndi younika mphunzitsi, ndipo zinazo ndikhoza kulemba kalata. Ndinalemba m'mphepete mwa tsamba lomaliza, m'munsi mwa siginecha yanga, ndi zilembo zing'onozing'ono kuti zikwane.